Kamng'alu ka pa Galasi Kasadikire Ulendo wa ku Likulu

Pakati pa zinthu zimene ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a Chipani amaziona tsiku ndi tsiku koma osaziganizira mozama, pali galasi la galimoto long'aluka ndiponso zenera la ofesi lotsekedwa ndi chikatoni. Munthu amene angaime m'mbali mwa msewu waukulu uliwonse wa dziko lino kwa ola limodzi lokha adzawerenga magalimoto ambiri, a Boma ndi a anthu wamba omwe, amene galasi lawo lakutsogolo lili ndi mng'alu woyambira mbali ina kukafika mbali inzake. Ena mwa magalimoto amenewa ndi onyamula odwala, ena ndi onyamula alangizi a zaulimi, ena ndi maminibasi odzaza ndi amayi ndi ana. Maso a anthu anazolowera, kotero kuti chinthu choopsa chikuoneka ngati ndi chibadwa cha galimoto.

Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Galasi likangolasidwa ndi mwala, lionedwe ndi mmisiri wodziwa ntchito amene ali pafupi, sabata yomweyo, popanda kudikira ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ndipo ntchito yodziwa kumene mmisiri wotereyo ali, ndi yomusiyanitsa ndi munthu wongofuna ndalama, isasiyidwe m'manja mwa dalaivala yekha. Ndi ntchito ya mkulu woyang'anira magalimoto, ya wosunga chuma, ya mphunzitsi wamkulu, ya khansala ndiponso ya wapampando wa nthambi ya Chipani. Chimene chili pangozi ndi moyo wa anthu, ndalama za msonkho, ndi tsogolo la amisiri a dziko lino.

Magalasi sali a mtundu umodzi

Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kuyamba wadziwa kuti magalasi a pa galimoto ali mitundumitundu. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, ndipo pakati pake pali chipepala chopyapyala cha pulasitiki, chochindikala pafupifupi mamilimita 0.76 basi. Nzeru yomata magalasi motere inachokera kwa katswiri wa ku France, Édouard Bénédictus, amene analembetsa luso lakelo m'chaka cha 1909. Ubwino wake ngwakuti mwala ukagunda, galasi limang'aluka koma zidutswa zake zimakakamira ku pulasitiki ija, osathira m'maso mwa dalaivala, ndipo pa ngozi munthu wa m'kati saponyedwa kunja wamba.

Magalasi a m'zitseko ndi lakumbuyo, pa magalimoto ambiri, amapangidwa mwa njira ina. Amawotchedwa ku fakitale mpaka kutentha kupitirira madigiri 600, kenaka n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi ndi mpweya, ndipo zimenezi zimawalimbitsa kanayi kapena kasanu kuposa galasi wamba. Akasweka amaphwanyikiratu n'kukhala tizidutswa tonga mphale, tosacheka kwambiri. Galasi lotere silidulidwa ndiponso silimatidwa. Likasweka pafunika lina, ndipo aliyense wonena kuti angalikonze akunama.

Mtundu wachitatu ndi galasi la pa zenera la nyumba, lija limadulidwa m'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira, lochindikala mamilimita 3 kapena 4. Limeneli likasweka limasanduka mipeni yaitaliitali. N'zomvetsa chisoni kuti pali eni maminibasi ena amene, pofuna kupulumutsa ndalama zochepa, amadulitsa galasi la nyumba n'kuliika pa zenera la galimoto yonyamula anthu. Tsiku limene galimoto yotereyo idzagubuduzika, galasilo lidzachita ntchito ya chikwanje pa khosi la mwana wa munthu. Mtsogoleri amene wakwera minibasi yotere n'kukhala chete wagawana nawo mlanduwo.

Mng'alu sugona tulo

Akale anati m'mera mpoyamba. Mng'alu wautali umene uli pa magalimoto ambiri lero unayamba ngati kabala kakang'ono, kosaposa chikhadabo. Kamwala kamathamangitsidwa ndi tayala la lole imene ili kutsogolo, makamaka pa misewu ya miyala ndi pa njira zapadera zimene zimalambulidwa pamene msewu ukukonzedwa, monga zinachitikira pamene ntchito yokonzanso msewu wa M1 kumpoto kwa Lilongwe inayamba m'chaka cha 2022. Kabala kameneka kamakula pa zifukwa zitatu. Choyamba ndi kugwedezeka: dzenje lililonse la pa msewu limapotokola thupi la galimoto pang'ono, ndipo galasi limapotokoka nalo. Chachiwiri ndi kutentha ndi kuzizira. Galimoto yoima pa dzuwa la Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, ikathiridwa madzi ozizira ndi wotsuka, galasi limafinyika mbali imodzi ndipo mng'alu umathamanga pomwepo. Chachitatu ndi fumbi ndi madzi, zimene zikalowa m'kabalako zimachititsa kuti mankhwala omatira asagwire.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti kabala ka pa galasi lakutsogolo kamakonzeka popanda kuchotsa galasilo. Mmisiri amayeretsa pa balapo, amaikapo kachipangizo kokoka mpweya umene uli m'mng'alu, kenaka amathiramo utomoni woyera wa kufakitale ndi kuuumitsa ndi nyale yapadera kapena kuwala kwa dzuwa. Ntchito yonseyo siposa ola limodzi. Bala silizimiriratu, koma limaleka kukula ndipo galasi limabwerera pafupi ndi mphamvu yake yakale. Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira pa bala losaposa kukula kwa khobidi, limene lili pa galasi lakunja lokha. Bala likakhala pafupi ndi mphepete, kapena lili ndendende pamene maso a dalaivala amayang'ana, kapena laboola magalasi onse awiri, pafunika galasi latsopano. Dalaivala wanzeru, mwala ukangogunda, amamatapo selotepu yoyera kuti fumbi lisalowe, amayenda pang'onopang'ono, ndipo amakanena kwa akuluakulu ake tsiku lomwelo. Madzi akatayika saoleka: bala la lero limatheka ndi utomoni wa madontho ochepa, koma la mwezi wa mawa lidzafuna galasi lathunthu.

Galasi lililonse ndi ndalama zakunja

Apa ndi pamene nkhani ya galasi imasanduka nkhani ya chuma cha dziko. Magalimoto a m'dziko muno amagulidwa kunja, ambiri mwa iwo ogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo magalasi ake amachokeranso kunja. Popeza dziko lino lilibe doko la pa nyanja ya mchere, katundu wotere amadzera ku Dar es Salaam, ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban, kenaka n'kuyenda pa lole masiku angapo kukalowera ku Songwe, ku Dedza kapena ku Mwanza. Galasi ndi katundu wolemera, wosachedwa kusweka, ndipo mtengo wa losweka m'njira umaikidwa pa limene lafika bwino. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu yense wochokera kunja unakwera, ndipo galasi silinatsale. Ndalama zakunja zimene zimagula galasi limodzi zimachokera m'thumba lomwelo limene limagula feteleza, mafuta ndi mankhwala a m'zipatala. Zimenezi ndi thukuta la mlimi wa fodya ku Kasungu ndi wothyola tiyi ku Mulanje. Choncho ofesala amene walekerera kabala mpaka galasi lonse kuwonongeka wamwaza thukuta la mlimi, ngakhale kuti sanabe tambala imodzi.

Pali kuwononga kwinanso kumene kumabisala m'mawu akuti "galimoto ipite ku mzinda". Kuchokera ku Karonga kukafika ku Mzuzu ndi mtunda wopitirira makilomita 200, ndipo kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi wopitirira makilomita 300. Galimoto ikatumizidwa ulendo wotere chifukwa cha galasi, Boma limalipira mafuta opita ndi obwerera, alawansi ya dalaivala, ndipo kawirikawiri alawansi ya ofesala woperekeza amene alibe ntchito ina koma kuyang'ana. Masiku onsewo chipatala chimakhala chopanda galimoto, ndipo mayi woyembekezera amanyamulidwa pa njinga. Kunena zoona, pali anthu ena ochepa m'maofesi amene amakondwera galasi likasweka, chifukwa kwa iwo mng'alu ndi tikiti ya ulendo. Anthu otere ndi adani a chitukuko, ndipo akuipitsa dzina la ogwira ntchito m'Boma ambiri amene amatumikira mokhulupirika.

Kumene amisiri ali

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amisiri a magalasi alipo m'dziko muno, ndipo ambiri ali pafupi kuposa m'mene maofesi amaganizira. M'mizinda ikuluikulu munthu sasochera: ku Blantyre magalaja ndi masitolo a zipangizo za galimoto ali ku Ginnery Corner, ku Limbe ndi ku Ndirande, ku Lilongwe ali ku Biwi, ku Kanengo ndi m'tauni yakale, ku Mzuzu ali ku Luwinga ndi m'kati mwa mzinda. Vuto lenileni lili m'maboma, kumene mmisiri sakhala ndi chikwangwani chachikulu ndipo amadziwika ndi okhawo amene anawagwirirapo ntchito.

Safunsa anadya phula. Ofesala amene akufuna mmisiri ayambe wafunsa madalaivala a maminibasi pa depoti, pakuti palibe anthu amene amaswetsa magalasi kawirikawiri ngati iwo, ndipo amadziwa bwino amene ntchito yake imadontha mvula ikagwa ndi amene ntchito yake imakhala zaka. Afunse amisiri owongola ndi kupenta magalimoto ochita ngozi, chifukwa galimoto iliyonse imene amawongola imafuna woika galasi. Afunse kampani ya inshuwalansi imene ofesi yake imalipirako, pakuti makampani otere amakhala ndi mayina a okonza amene amawakhulupirira, ndipo nthawi zina galasi limakhala m'gulu la zinthu zimene inshuwalansiyo imalipira. Afunse eni masitolo a zipangizo zomangira za munthu wodula magalasi a mazenera, ndiponso aphunzitsi a pa sukulu ya ntchito zamanja imene ili pafupi.

Masiku ano foni yafupikitsanso mtunda. Dalaivala angathe kujambula bala, ataika khobidi pambali pake kuti kukula kwake kuoneke, n'kutumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa amisiri awiri kapena atatu. Mmisiri wodziwa ntchito amanena pomwepo ngati balalo likonzeka kapena ayi. Ndipo popeza zipangizo zomatira bala zimakwana m'chikwama chimodzi, n'kwapafupi kuti mmisiri akwere basi kubwera kumene galimoto ili kusiyana n'kuti galimoto ipite kumene mmisiri ali. Maofesi atatu kapena anayi a pa boma limodzi, monga a zaumoyo, a zaulimi, a zamaphunziro ndi a khonsolo, akagwirizana tsiku, mmisiri mmodzi angathe kuona magalimoto awo onse pa ulendo umodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kuzindikira mmisiri woona

Si aliyense wonyamula mpeni ndi guluu amene ali mmisiri. Pali zizindikiro zimene munthu wosaphunzira za umakaniko angazione ndi maso ake. Mmisiri woona amafunsa nambala ya thupi la galimoto asanatchule mtengo, chifukwa magalimoto a dzina limodzi amasiyana magalasi malinga ndi chaka chimene anapangidwa. Amaonetsa chidindo chimene chili pa ngodya ya galasi, pamene pamalembedwa dzina la opanga ndi mtundu wa galasilo. Pa magalasi ambiri pamakhala chilembo cha E chozunguliridwa, pamodzi ndi nambala ya dziko limene linavomereza galasilo ndi malemba akuti 43R. Pa ena pamakhala malemba akuti AS1, amene amasonyeza galasi loyenera kukhala kutsogolo. Galasi lopanda chidindo chilichonse lisaikidwe pa galimoto yonyamula anthu.

Kamatidwe n'kofunika ngati galasi lenilenilo. Magalimoto akale ankagwiritsa mphira wozungulira chimango, ndipo galasi linkangolowetsedwa ndi chingwe. Magalimoto a masiku ano galasi lake limamatidwa ku thupi ndi guluu wakuda wapadera wa polyurethane, ndipo likamatidwa limakhala mbali ya mphamvu ya galimotoyo. Limathandiza kuchirikiza denga galimoto ikagubuduzika, ndiponso pa magalimoto ambiri thumba la mpweya loteteza wokwera kutsogolo limatsamira pa galasilo likamafufuma. Galasi lomatidwa ndi guluu wa m'nyumba, uja amamatira masinki, lingathe kufwamphuka lonse pa nthawi imene likufunika koposa. Choncho mmisiri woona amaonetsa chubu cha guluu ndi tsiku limene guluuyo amatha mphamvu, amapala dzimbiri pa chimango ndi kupakapo mankhwala asanamate, ndipo amauza mwini galimoto nthawi yodikira guluu asanagwire, imene ingakhale ola limodzi kapena tsiku lathunthu malinga ndi mtundu wake. Magalimoto ena atsopano ali ndi kamera kuseri kwa galasi lakutsogolo, yothandiza galimoto kuona msewu, ndipo galasi likasinthidwa kamerayo imafunika kuilunjikanso ndi makina. Mmisiri wachilungamo amene alibe makinawo amanena poyera, ndipo pamenepo ulendo wa ku mzinda umakhala ndi chifukwa.

Chizindikiro chachikulu kuposa zonse ndi ichi: mmisiri woona amatha kukana ndalama. Amatha kunena kuti galasi ili silikufunika kusintha, kumata kokha n'kokwanira, kapena kuti bala ili lapitirira, kulimata n'kunamiza mwini wake. Amakhala ndi malo odziwika kumene munthu angabwerere mvula ikayamba kudontha m'kati, ndipo amalemba lisiti. Lisiti ndi chida cholimbana ndi umbava. Galasi logwirapo kale ntchito, lochotsedwa pa galimoto yowonongeka, lingathe kukhala labwino ngati lilibe bala, koma galasi lobwera usiku, lotsika mtengo modabwitsa, lopanda pepala lililonse, kawirikawiri limakhala kuti mwini wake akulira kwinakwake. Wogula galasi lotere akulemba ntchito mbala imene mawa idzafika pa galimoto yake yomwe.

Mazenera a sukulu ndi zipatala

Zimene zanenedwa za galimoto zikukhudzanso nyumba za Boma. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Thyolo, mwana wokhala pafupi ndi zenera lopanda galasi amamva mphepo kuposa m'mene amamvera mphunzitsi. M'chipinda cha odwala, zenera losweka ndi khomo la udzudzu ndi fumbi. M'nyumba yosungira mabuku kapena mankhwala, ndi khomo la mvula ndi la mbala. Pamene namondwe wa Freddy anawononga nyumba zambiri m'Chigawo cha Kumwera mu Malichi 2023, maso onse anali pa madenga ndi makoma, monga kunayenera, koma nyumba siikhala kuti yatha kukonzedwa mazenera ali pululu.

Ntchito ya zenera la nyumba ndi yapafupi koposa ya galimoto. Mmisiri amayeza chimango, amadula galasi locheperapo pang'ono kuti lipeze malo ofutukukira kukatentha, amapala dzimbiri ndi kupenta chimangocho, kenaka n'kumata ndi phala lake, limene limatenga masiku angapo kuti liume. Pa zitseko ndi pa mazenera a m'munsi, pamene ana amathamangira, payenera kuikidwa galasi lochindikala kapena losacheka. Palibe chifukwa choti komiti ya sukulu ilembe kalata ku Likulu chifukwa cha magalasi asanu. Mzimu wa ntchito zodzithandiza, umene unaumba njerwa za sukulu zambiri za dziko lino, ungathenso kugula galasi ndi kulipira mnyamata wa m'mudzi momwemo amene anaphunzira kudula.

Mayankho kwa okayika

Alipo amene anganene kuti amisiri a m'maboma ntchito yawo ndi yosalongosoka, ndipo n'kwabwino kupita ku makampani akuluakulu a m'mizinda. Mawu amenewa ali ndi choona chake. Alipodi amisiri ena osaphunzira mokwanira, ndipo pali ntchito zina, monga galasi la basi yaikulu kapena galimoto ya kamera ija, zimene zimafuna zipangizo za mumzinda. Koma mmisiri sakula popanda ntchito. Ngati ofesi iliyonse imudutsa, iye sadzapeza ndalama yogulira zipangizo zabwino, ndipo patapita zaka khumi anthu omwewo adzanenabe kuti kuno kulibe amisiri. Njira ndi kumuyesa ndi ntchito yaing'ono, kuona zotsatira zake mvula ikagwa, ndi kumuonjezera akaonetsa luso.

Ena anganene kuti malamulo a kagulidwe ka katundu wa Boma ndi amene amachedwetsa zinthu. Malamulo amenewa anaikidwa kuti ateteze ndalama za anthu, ndipo ayenera kutsatidwa onse, pamodzi ndi malangizo a Boma a kakonzedwe ka magalimoto ake. Koma lamulo sililetsa kukonzekera. Chaka cha chuma cha Boma chimayamba pa 1 Epulo. Komiti yogula katundu ya pa ofesi ingathe kufunsiratu mitengo kwa amisiri angapo kumayambiriro kwa chaka, n'kukhala ndi mayina awo ndi mitengo yawo m'faelo, kuti tsiku la ngozi pasakhale kuyamba kufufuza. Chimene chimachedwetsa ntchito kawirikawiri ndi pepala logona pa tebulo la munthu.

Pali mlandu umodzi umene maofesi ena ayenera kuuvomera. Mmisiri wamng'ono amagula galasi ndi ndalama zake kapena za ngongole. Akamaliza ntchito n'kuuzidwa kuti abwere mawa, mawa n'kukhala mwezi, mwezi n'kukhala chaka, bizinesi yake imafa, ndipo mnzake akamva amakana ntchito ya Boma kapena amakweza mtengo pofuna kudziteteza. Wosunga chuma amene amachedwetsa dala malipiro a mmisiri, kapena amene amafuna kangachepe kuti asayine, akupha ndondomeko ya Boma ndi cholembera chake.

Udindo wa Chipani ndi wa Boma

Dziko lino linaika kale maziko. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti liyang'anire maphunziro a ntchito zamanja. Pali masukulu akale a ntchitozi monga Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira m'chaka cha 2015 kunatsegulidwanso masukulu otere m'madera. Ndondomeko ya Buy Malawi, yolimbikitsa kugula za m'dziko muno, inakhazikitsidwa m'chaka cha 2016, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, akunena za dziko lolemera ndi lodzidalira. Kudzidalira kumeneko kumayambira pa zinthu zazing'ono ngati izi. Ngakhale galasi lichokere kunja, manja olimata ndi a Mmalawi, ndipo ndalama ya manjawo iyenera kutsalira m'boma limene galimoto ikugwira ntchito. Luso la magalasi liyenera kupatsidwa malo ooneka m'maphunziro afupiafupi, kuti anyamata ndi atsikana amene anaphunzira ukalipentala, kuwotcherera kapena umakaniko aonjezere pa zimene akudziwa.

Khonsolo iliyonse ikhale ndi kaundula wa amisiri a magalasi a m'dera lake, wolembedwa dzina, malo ndi mtundu wa ntchito imene aliyense amatha, ndipo akhomedwe poyera pa ofesi ya bwanamkubwa kuti mwini minibasi ndi mphunzitsi wamkulu amuwerenge mofanana. Atsogoleri a Chipani a m'nthambi ndi m'madera, amene amadziwa khomo lililonse, athandize kupeza amisiri amene sanalembedwe. Koma apa pafunika chenjezo lolimba. Chiphaso cha Chipani si satifiketi ya umisiri. Wapampando amene angakakamize ofesi kupereka ntchito kwa mlamu wake wosadziwa kumata galasi, tsiku limene galasilo lidzafwamphuka pa ngozi anthu sadzatchula dzina la mlamuyo, adzatchula Chipani. Ulemu wa Chipani uli m'ntchito yolimba ndi m'chilungamo, ndipo mtsogoleri woona amasankha mmisiri chifukwa cha manja ake.

Mkulu woyang'anira magalimoto azungulire magalimoto ake Lolemba lililonse m'mawa, ayang'ane galasi monga amayang'anira matayala ndi oyilo, ndipo alembe bala lililonse m'buku. Asadikire tsiku lokayezetsa galimoto kuti ipatsidwe chiphaso cha COF, kapena tsiku limene apolisi a pamsewu adzaimika dalaivala wake. Dalaivala amene wanena msanga za bala ayamikiridwe, pakuti akamaopa kudzudzulidwa adzabisa mpaka mng'alu utafika pa chimango. Madalaivala onse akumbutsidwe kusiya mpata wokwanira akamatsata lole pa msewu wa miyala, ndi kusintha mphira wa zopukutira galasi usanathe n'kuyamba kukanda.

Katundu wa Boma ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi mlimi, msodzi, mayi wogulitsa pa msika ndi aliyense wopereka msonkho. Anthu amenewa sawerenga malipoti a m'maofesi. Amaweruza Boma lawo poona galimoto imene yafika m'mudzi ndi zenera la kalasi imene mwana wawo akukhalamo. Choncho wogwira ntchito m'Boma aliyense ndi mtsogoleri aliyense wa Chipani, pomaliza kuwerenga nkhani ino, akayang'ane galasi la galimoto ndi mazenera a nyumba imene anapatsidwa kuti aisunge, ndipo sabata ino isathe asanadziwe dzina la mmisiri wa magalasi wa m'dera lake.